Mlendo pakhomo ku Amaramba: tsogolo la mwambowu pambuyo pa Covid-19

Kugoneka mlendo pakhomo kwa masiku ochepa ndi mwambo wakale pakati pa anthu okhala m'mphepete mwa nyanja ya Amaramba, m'boma la Mecanhelas, chigawo cha Niassa ku Mozambique. Nyumba zogona alendo zolipiritsa, zimene Apwitikizi amazitcha pensão, zimapezeka m'matauni monga Cuamba ndi Mandimba. Munthu amene dzuwa lamulowera ali kunyanja, kaya wabwera kudzagula nsomba kaya kudzaona abale, amagona pakhomo pa munthu. Mliri wa Covid-19 unagwedeza mwambowu chifukwa unachititsa kuti mlendo aziopedwa. Mliriwo utazilala anthu anayambanso kuyenda, koma kalandiridwe ka alendo sikanabwerere ndendende mmene kanalili, ndipo tsogolo lake likudalira zinthu zingapo zimene banja lililonse lolandira alendo liyenera kuzidziwa.

Nyanjayi ndi anthu amene amafikako

Amaramba ndi nyanja yosazama, yaitali koma yopapatiza. Kumwera kwake kuli nyanja ya Chiuta, imene ili pamalire a Mozambique ndi boma la Machinga ku Malawi, ndipo madzi akachuluka nyanja ziwirizi zimalumikizana. Kumpoto kwa Amaramba ndi kumene kumayambira mtsinje wa Lugenda, umene umadutsa m'nkhalango yaikulu yotetezedwa ya Niassa n'kukathira mu Rovuma, kumalire a Tanzania. Kumwera kwa Chiuta, kuseri kwa mtunda wamchenga, kuli nyanja ya Chilwa. Likulu la boma la Mecanhelas ndi Insaca, ndipo anthu a kuderali amalankhula Chinyanja, Chiyao, Chimakuwa ndi Chilomwe, kuphatikizapo Chipwitikizi cha kusukulu ndi kumaofesi.

Pakati pa Chiuta ndi Chilwa pamadutsa njanji ya ku Nacala, imene inalumikizidwa ndi njanji ya ku Malawi mu 1970. Chipata chake ndi Entre Lagos kumbali ya Mozambique ndi Nayuchi kumbali ya Malawi. Chakumpoto kuli chipata china, cha Mandimba ndi Chiponde, pamsewu wopita ku Mangochi. Njira zimenezi, pamodzi ndi tinjira ta njinga ndi mabwato, ndi zimene zimabweretsa alendo.

Alendo a ku Amaramba si azungu onyamula makamera. Ambiri ndi mavenda ogula mlamba ndi makumba, amene amadikira masiku angapo kuti nsomba ziume kapena ziwambidwe asanazimange m'madengu. Ena ndi ogula mpunga, chimanga ndi nandolo nthawi yokolola, asodzi osamuka potsata nsomba, amisiri okumba mijigo ndi omanga masukulu, aphunzitsi ndi azaumoyo amene angotumizidwa kumene ndipo sanapeze nyumba, alaliki ndi mashehe, komanso abale obwera kumaliro, kuukwati, kusadaka kapena kuchinamwali. Malire a mayiko anadula mabanja pakati, kotero kuti mlendo wochokera ku Malawi nthawi zambiri amakhala malume, mlamu kapena mdzukulu wa eni khomo.

Mwambo wake

Mlendo amayamba ndi kuodira kuchipata kapena pabwalo. Eni khomo amamulandira katundu, amamupatsa mpando kapena kumuyalira mphasa, kenako pamakhala malonje, pamene amafotokoza kumene wachokera, mmene wayendera ndi chimene wadzera. Akatero amapatsidwa madzi akumwa ndi osamba, ndipo nsima imaphikidwa. Mlendo wolemekezeka amapheredwa nkhuku. Pogona pamatsata mwambo: mwamuna amakagona kugowelo kwa anyamata kapena m'nyumba yapadera, mkazi amagona ndi amayi anzake kapena kwa agogo. Mlendo wosadziwika amakaonetsedwa kwa amfumu kapena kwa mlembi wa dera, kuti chinthu chikachitika usiku mudzi udziwe amene unali naye.

Mwambowu unalibe mtengo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho palibe chifukwa chomuumira. Iye naye ankadziwa chochita: pochoka ankasiya sopo, mchere, shuga kapena kandalama ka ndiwo m'manja mwa mayi wapakhomo, ndipo tsiku lina iyenso ankalandira eni khomo aja kwawo.

Kukula kwa mwambowu kunaoneka pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo sanakhale m'makampu koma m'midzi, pakati pa abale ndi anthu olankhula nawo chinenero chimodzi. Mabanja a mbali zonse ziwiri za Chiuta amakumbukirabe amene anawapatsa pogona pa nthawiyo.

Sikuti mlendo aliyense ankalandiridwa ndi manja awiri. M'zaka za m'ma 1990 asodzi a ku Chiuta, kumbali ya Malawi, anagwirizana zothamangitsa asodzi obwera amene ankagwiritsa ntchito makoka okokolola ndi tinsomba tating'ono tomwe. Nkhaniyi ikusonyeza kuti kuyambira kale mudzi umalandira mlendo amene akulemekeza malamulo a eni dera.

Malonda atakula, ndalama inayamba kulowa m'mwambowu pang'onopang'ono. Venda amene amabwera mwezi ndi mwezi sangadalire chifundo chokha, ndipo banja silingaphe nkhuku ulendo uliwonse. Motero panabadwa kagwirizano kapakati: mlendo amalipira kangachepe pa usiku kapena pa sabata, amagula ndiwo zake, amasungitsa katundu wake pakhonde kapena m'chipinda, koma amaonedwabe ngati munthu wa pakhomopo.

Zimene mliri unasintha

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Ku Mozambique munthu woyamba anapezeka ndi matendawa pa 22 Malichi, sukulu zinatsekedwa tsiku lotsatira, ndipo kuyambira pa 1 Epulo Pulezidenti Filipe Nyusi anaika dziko pansi pa malamulo a nthawi yangozi. Boma linaimitsa kupereka ma visa, linachepetsa kuyenda kwa anthu m'zipata za m'malire kupatula magalimoto a katundu, linalamula kuti olowa m'dziko azibindikira masiku 14, ndipo linaika malire pa chiwerengero cha anthu osonkhana m'mapemphero ndi pamaliro. Ku Malawi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza pa 20 Malichi kuti dziko lili pangozi, ndipo odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Lamulo loti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 linaimitsidwa ndi khoti lalikulu lisanayambe kugwira ntchito.

Kwa anthu a m'malire malamulowa anakhudza mtima weniweni wa mwambo. Kupatsana moni wa m'manja kunaletsedwa. Kusamba m'manja m'beseni limodzi, kudyera mbale imodzi ndi kugona anthu ambiri m'chipinda chimodzi, zonsezi zinasanduka njira zofalitsira matenda. Maliro, amene amasonkhanitsa abale ochokera kutali kwa masiku angapo, anafupikitsidwa. Amene ankaopedwa kwambiri anali obwera kuchokera ku Joni, chifukwa South Africa ndi dziko limene linali ndi odwala ochuluka kuposa lina lililonse mu Africa. Mu Januwale 2021, nduna ziwiri za boma la Malawi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, ngakhale amene ankakayika anazindikira kuti matendawa ndi enieni. Katemera anayamba kuperekedwa m'mayiko onse awiri mu Malichi 2021, ndipo pa 5 Meyi 2023 WHO inalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse.

Mliriwu unasiya zizolowezi zitatu. Choyamba ndi kufunsa: kufunsa mlendo kumene wachokera ndi ngati ali bwino m'thupi kunasiya kuoneka ngati mwano. Chachiwiri ndi kusamba m'manja ndi madzi othira kuchokera m'jagi, m'ndowa ya mpopi kapena pa mpondagiya, m'malo mopisa onse m'beseni. Chachitatu ndi kudziwitsana pa foni munthu asananyamuke, kuti asangotulukira pakhomo.

Phunziro lochokera kunja

M'mayiko olemera kugoneka alendo pakhomo kunasanduka bizinesi yaikulu kudzera pa intaneti. Kampani yodziwika kwambiri ndi Airbnb, imene inayamba mu 2008 ku San Francisco. Mwini nyumba amaika zithunzi ndi mtengo, mlendo amasankha n'kulipiriratu, kampani imatengapo gawo lake, ndipo pamapeto aliyense amalemba maganizo ake pa mnzake. Mu 2020 chiwerengero cha anthu oyenda kuchoka dziko lina kupita lina chinatsika ndi maperesenti oposa 70, ndipo mu Meyi chaka chomwecho Airbnb inachotsa antchito pafupifupi 1,900, amene anali ngati munthu mmodzi pa anayi alionse. Komabe bizinesiyi inadzuka msanga kuposa mahotela ambiri, ndipo pofika Disembala kampaniyo inayamba kugulitsa masheya ake pamsika.

Chimene chinaidzutsa n'chofunika kwa munthu wa ku Amaramba. Alendo oyamba kubwerera anali a pafupi, oyenda m'dziko lawo lomwe. Ankafuna malo apaokha, aukhondo, kutali ndi piringupiringu wa m'tauni, ndipo ambiri ankakhala milungu ingapo m'malo mwa usiku umodzi. Kampaniyo inakhazikitsa malamulo a kayeretsedwe ka zipinda ndipo inaletsa maphwando m'nyumba zobwereka. Pambuyo pake mizinda ina inayamba kuchepetsa bizinesiyi chifukwa eni nyumba ankakonda alendo a masiku ochepa kuposa anthu ofuna lendi ya nthawi yaitali. New York inakhwimitsa malamulo ake mu Seputembala 2023, ndipo Barcelona inalengeza mu 2024 kuti pofika 2028 idzathetsa ziphaso za nyumba zoterezi.

Njira ya Airbnb singakopedwe mmene ilili kumudzi wa m'mphepete mwa nyanja, chifukwa imafuna intaneti yodalirika, akaunti ya kubanki ndi adiresi yooneka pamapu. Koma mfundo zake ndi zomwe mudzi unali nazo kale. Maganizo amene mlendo amalemba pa intaneti akufanana ndi mbiri imene venda amauza mnzake pamsika, ndipo kutsimikizira dzina la mlendo pa kompyuta kukufanana ndi kukamuonetsa kwa amfumu.

Kolera ndi namondwe

Covid-19 isanatheretu, kunabuka matenda ena amene kwa anthu a kunyanja ndi oopsa kwambiri. Kumayambiriro kwa 2022 kolera inayambira m'boma la Machinga, kutsidya kwa Chiuta, ndipo inafalikira Malawi yense n'kupha anthu oposa 1,700. Mu Seputembala chaka chomwecho inabukanso m'chigawo cha Niassa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi zimbudzi, anaononga zitsime ndi milatho kumwera kwa Malawi ndi m'madera ambiri a Mozambique, ndipo mabanja osowa pokhala anathamangira kusukulu, kumatchalitchi ndi kwa abale.

Kolera imayenda ndi madzi komanso chakudya chodetsedwa, ndipo imakonda malo amene anthu ochokera kosiyanasiyana amasonkhana popanda zimbudzi zokwanira, monga madooko a asodzi. Choncho khomo lolandira alendo kunyanja limayesedwa koyamba ndi chimbudzi chake ndi madzi ake. Masiki anavulidwa, koma funso la kumene madzi akumwa atungidwa lidakalipo chaka chilichonse mvula ikayamba.

Zimene khomo lolandira alendo likufunika

Chinthu choyamba ndi chipinda chapadera. Chingakhale cha zidina ndi udzu, bola chikhale ndi chitseko chokhoma, zenera lolowetsa mpweya, mphasa kapena matiresi oyanikidwa padzuwa mlendo akachoka, ndi neti yoteteza udzudzu, popeza malungo ndi ochuluka m'madambo ozungulira nyanja. Chipinda chapadera chimateteza mbali zonse ziwiri. Mlendo akadwala amagona payekha, ndipo ana a pakhomo, makamaka atsikana, sagona pafupi ndi munthu wosadziwika. Nkhani ya chitetezo cha ana ndi yaikulu kuposa phindu lililonse, ndipo banja limene lilibe malo olekanitsa ana ndi alendo siliyenera kuyamba bizinesiyi.

Chachiwiri ndi madzi ndi chimbudzi. Madzi akumwa akhale a pamjigo, owiritsa kapena othira mankhwala monga Certeza, amene amagulitsidwa ku Mozambique, ndipo asungidwe m'chigubu chotseka. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, chikumbidwe kutali ndi chitsime, ndipo pakhomo pake pakhale madzi ndi sopo kapena phulusa. Bafa lotchinga bwino limathandizanso kuti mlendo asakasambe m'madzi osayenda a m'mphepete mwa nyanja, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Chachitatu ndi magetsi ndi foni. Kasola kakang'ono kounikira ndi kutchajira foni kamasiyanitsa khomo lina ndi linzake, chifukwa venda amachita malonda ake pa foni. Ndalama nazo zikuyenda pa foni: M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel kumbali ya Mozambique, Airtel Money ndi TNM Mpamba kumbali ya Malawi. Mlendo akhoza kutumiziratu ndalama ya ndiwo asanafike, ndipo sayenera kugona ndi mpukutu wa ndalama kumutu. Kumalire kumayenda meticali ndi kwacha yomwe, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022 ndi ena 44 mu Novembala 2023, aliyense wolandira ndalama za ku Malawi anaona kufunika kogwirizana msanga kuti malipiro akhala mu ndalama iti.

Chachinayi ndi mtengo womveka. Apa ndi pamene mwambo ndi malonda zimakhulana. Munthu woleredwa bwino amachita manyazi kutchula mtengo kwa mlendo, ndipo mlendo naye amaopa kufunsa. Zotsatira zake ndi kudandaula kumbali: wina akuti wadyeredwa masuku pamutu, wina akuti walipiritsidwa ngati ali kuhotela. Njira yabwino ndi kusiyanitsa poyera. Wachibale, wamaliro ndi wapaulendo amene mdima wamugwira amalandiridwa mwa mwambo, popanda kulipira. Wobwera kudzachita malonda kapena ntchito yolipidwa amauzidwa mtengo wa pogona, wa chakudya ndi wosungira katundu tsiku lomwe wafika. Ndi bwinonso kukumbukira kuti ntchito yaikulu, yotunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kusesa, imagwiridwa ndi amayi ndi atsikana, choncho ndalama yolowa iyenera kudutsa m'manja mwa mayi wapakhomo, ndipo mwana asajombe kusukulu chifukwa cha alendo.

Chachisanu ndi malamulo. Kugoneka wachibale sikufuna chilolezo, koma khomo limene likulipiritsa alendo nthawi zonse lasanduka bizinesi. Ku Mozambique wochita bizinesi amafunika nambala ya msonkho yotchedwa NUIT, ndipo ofesi ya boma yoona za ntchito zachuma, SDAE, ndi imene imalangiza za ziphaso m'maboma. Nkhani za alendo ochokera kunja zimayang'aniridwa ndi nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, SENAMI. Kabuku kolembamo dzina la mlendo, kwawo, nambala ya foni ndi masiku amene wakhala n'kothandiza kwa apolisi, kwa amfumu ndi kwa azaumoyo pamene akufufuza amene anakumana ndi wodwala.

Za alendo okaona malo

Boma la Mozambique likufuna alendo ambiri okaona malo. Kumapeto kwa 2022 linayamba kupereka ma visa pa intaneti, ndipo mu Meyi 2023 linachotsa visa kwa nzika za mayiko 29 zobwera kudzacheza kapena kudzachita bizinesi. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba mpaka ku Lichinga waikidwa phula, ndipo sitima ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga inayambanso kuyenda mu 2016. Amaramba ili ndi zimene mlendo wokonda chilengedwe angafune: mbalame za m'madzi, mabwato, madambo ndi chiyambi cha mtsinje wa Lugenda. Chitsanzo cha mudzi wolandira alendo otere chilipo pafupi, ku Njobvu, m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde ku Malawi, kumene alendo amagona m'nyumba zachimudzi, kudya nsima ndi kuonerera magule, ndipo ndalama zimathandiza anthu a m'mudzimo.

Komabe banja lisamange chipinda poyembekezera azungu. Njobvu ili pachipata cha nkhalango yotchuka, pamene Amaramba ili kutali ndi njira zimene alendo otere amadutsa, ndipo misewu yafumbi yopita kunyanja imavuta nthawi ya dzinja. Mliri unaonetsanso kuti mlendo wa pandege ndi amene amayamba kusowa mavuto akagwa, ndipo ndi amene amachedwa kubwerera. Venda wa nsomba, wogula mpunga ndi mphunzitsi watsopano ndi amene amabwera chaka chilichonse.

Alendo amenewa nawonso amadalira nyanja. Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Nyanja zosazama ngati izi zimakula ndi kuchepa malinga ndi mvula, ndipo nsomba zikachepa mavenda nawo amachepa. Kuteteza mabango ndi malo oswanirana nsomba, kulemekeza nyengo yotseka usodzi ndi kukana kugwiritsa ntchito maneti a udzudzu pophera nsomba ndi mbali ya ntchito yosunga alendo, ngakhale kuti ambiri saziona choncho.

Kulandira alendo pakhomo ku Amaramba kudzapitirira, chifukwa malonda a nsomba ndi mbewu, maliro ndi chibale cha mbali ziwiri za malire sizingayende popanda pogona. Chimene chasintha ndi muyezo wake. Khomo limene lidzakhale ndi alendo m'zaka zikubwerazi ndi limene lili ndi chipinda chapadera, madzi otetezeka, chimbudzi chabwino, mtengo wonenedwa poyera ndi dzina labwino kwa amfumu ndi pamsika. Mafumu, azaumoyo ndi akuluakulu a boma la Mecanhelas ayenera kuthandiza mabanja kufika pa muyezo umenewu mliri wina usanabwere.